Manja Ofunda a Anazidole

Anazidole sankakhudza munthu ndi manja ozizira. Munthu kapena chidole, kwa iwo zinali chimodzimodzi. Akafika pabedi ankayamba aima kaye, n'kupekesa zikhatho ngati akufuna kuyatsa moto, kenako n'kuziyesa patsaya. Zikafunda ankati, "Pepanitu, ndikukhudzani pang'ono," ndiyeno n'kuvundukula bulangete. Chidolecho chinkangoyang'ana kudenga ndi maso ake apulasitiki.

A Kalipentala anaziona zimenezi kuyambira tsitsi lawo lili lakuda mpaka linayera mbuu. Shedi yawo inayang'anizana ndi mazenera a chipinda cha zidolecho, pakati pali kabwalo ka miyala ndi mpopi wa madzi. Iwo sanali munthu wolankhulalankhula. Ankapala thabwa, n'kudzutsa mutu, n'kuona, n'kupalanso.

Awiriwa anali pachilamu. A Kalipentala anakwatira mkulu wawo wa Anazidole, ndipo mkaziyo atamwalira mwadzidzidzi, chilamucho sichinafe nawo. Nyumba zawo zinagundizana kumzere wa nyumba za antchito, kuseri kwa khitchini ya sukulu. Akaweruka ankamwa tiyi pakhonde limodzi, Anazidole akulankhula, a Kalipentala akuvomera ndi mutu.

Sukuluyo sinali ya ana ongoyamba kumene. Kunkabwera anamwino oti agwira kale ntchito m'zipatala, ena azamba, ena a kuwodi ya ana, ena a kuchipinda cha opaleshoni, kudzawonjezera maphunziro. Anali anthu akuluakulu, ena ndi ana awo a ku sekondale, koma akafika ankagona m'hositelo awiriawiri, n'kumakanganirana ayironi ndi chingwe choyanikira zovala ngati ana asukulu enieni. Njira yatsopano iliyonse ankayamba ayiyeserera pa zidole asanapite nayo kwa anthu amoyo. Ntchito ya Anazidole inali yosamala chipindacho: kukolopa, kuyala mabedi, kukonza zida pathireyi phunziro lisanayambe, ndi kubwezera mikono ndi miyendo m'malo mwake ophunzira akatuluka. Dzina lija linachokera pamenepo, ndipo iwo ankaliyankha bwinobwino.

Zidolezo nazonso anazipatsa mayina. Pabedi la pazenera pankagona Atsibweni, chidole chachimuna cholemera ngati thumba la simenti. Pakona panali Agogo, amene mano awo anatayika kalekale. Ndiye panali Apakati, amene ankabereka khanda lomwelomwelo chaka ndi chaka osadandaula.

"Alamu, bondo la Atsibweni layambanso," ankakuwa choncho pazenera.

A Kalipentala ankabwera ndi bokosi lawo la zida.

"Mwapekesa manjawo?"

"Ndingomanga kachitsulo kokha, alamu."

"Bondo lili ndi eni ake. Pekesani."

Ankapekesa. Kukangana ndi mlamu n'kutaya tsiku.

Chifukwa chopekesera manjacho a Kalipentala anawafunsapo kamodzi kokha. Anazidole anati ali mtsikana anayambapo unamwino, koma pakati panawapeza chaka choyamba chisanathe, ndipo masiku amenewo woyembekezera ankangouzidwa kuti alongedze. "Tsiku lochira kunkazizira," anatero. "Namwino anandigwira pamimba ndi dzanja ngati chitsulo chogona panja. Ululu wonse ndinauiwala, alamu, koma dzanja lija ayi." Basi, nkhani inathera pomwepo. Ku maphunziro sanabwerere. Analowa ntchito yokolopa pasukulu pomwepa mwana akadali kumsana, ndipo chipinda cha zidole chitafuna munthu, anawapatsa iwo.

Aphunzitsi ankadziwa kuti zopekesa manjazo m'mabuku mulibe, koma palibe anawaletsa. Ophunzira ena ankatengera, ena ankaseka, ambiri ankangozolowera ngati mmene munthu amazolowerera chitseko cholira.

Chaka chimenecho m'kalasi munali bambo wina wamtali, wa mapewa ngati kabati, amene anzake ankamutcha Mlongoti. Anachokera kuwodi ya anthu ochita ngozi, ndipo pakamwa pake panalibe buleki. Iyeyo ndiye anatenga chizolowezi cha Anazidole n'kuchisandutsa sewero. Akafuna kutola cholembera ankapekesa manja, n'kuti, "Pepanitu a cholembera, ndikukhudzani pang'ono." Mbale kuchipinda chodyera, chimodzimodzi. Kalasi yonse inkagwa ndi phwete, Anazidole nawonso ankaseka.

"Anti, kodi Atsibweni anathokozapo?" anafunsa tsiku lina.

"Sanadandaulepo."

"Nanga inuyo munagwirapo wodwala weniweni, wopuma?"

Iye anangofunsa mwanthabwala. A Kalipentala, amene anagwada pansi kumanga mwendo wa bedi, anaona kuti alamu awo akupinda nsalu yopinda kale. Mlongoti nayenso anaona. Madzulo ake anabwera kunyumba ndi botolo la zakumwa zotsekemera kudzapepesa, osadziwa kuti Anazidole ali ndi matenda a shuga. Iwo analandira ndi manja awiri. Amene anamwa ndi a Kalipentala.

Kenako mliri unafika. Unayamba ngati nkhani za pawailesi, za maiko akutali, anthu n'kumati kuno sufika. Unafika. Geti la sukulu linatsekedwa. Aphunzitsi anayamba kuphunzitsa pakompyuta, wophunzira aliyense atakhala pabedi pake. Mipando ya m'chipinda chodyera inatalikirana ngati anthu oyambana. Amuna ndi akazi a ophunzira ankasiya zikwama pageti n'kumagwedeza manja chapatali, ana ali pamapewa kuti amayi awo awaone. Ndipo popeza onse anali anamwino kale, chipatala chachikulu chinawaitana kuti akathandize. Basi inkawatenga m'mawa. Madzulo inkawatsitsa pampopi paja, pomwe ankavula nsapato n'kusamba m'manja mpaka m'zigongono, osalankhulana. Pachingwe chimene ankakanganirana chija tsopano pankalendewera mamasiki, ndipo wina akapeza a mnzake auma, ankamuanulira n'kumupindira. Ometa anapezeka pakati pawo pomwepo, oluka tsitsi chimodzimodzi. Wolira ankalirira m'bafa, madzi akutuluka, ndipo anzake ankadikira panja ndi matawulo awo osagogoda.

Ntchito ya a Kalipentala inachuluka. Anapanga poika ndowa zosambira m'manja, zotchinga pakati pa matebulo, ndi tingolo tokokera masilinda a mpweya. Mumtima ankangothokoza kuti palibe wawapempha bokosi.

Mphunzitsi mmodzi anadwala, anapita kuchipatala, sanabwerere. Maliro ake anawamvera pafoni.

Pamene ophunzira ankayamba kudwala, n'kuti kuchipatala kutadzaza kale. Mayi Mkulu, amene ankayendetsa sukuluyo, analamula kuti chipinda cha zidole chisanduke wodi. Mabedi analimo kale, mazenera anali aakulu, ndipo chinali ndi khomo lakelake lotulukira kubwalo. Zidole zituluke.

A Kalipentala anabwera ndi wilibala. Anazidole anayang'ana wilibalayo, n'kuyang'ana mwini wake.

"Alamu, mwabwera kudzatuta manyowa?"

Anazidole anakatenga njinga ya odwala, n'kusamutsa zidolezo chimodzichimodzi, atazikhazika bwinobwino, mapazi pa zopondera. A Kalipentala anayala matabwa m'shedi mwawo. Atsibweni, Agogo, Apakati ndi khanda lawo anagona pamenepo atafundidwa mpaka pachifuwa, pakati pa macheka ndi zitini za vanishi.

Tsiku lomwelo Mayi Mkulu anawaitana onse awiri pakhonde la ofesi. Anali otopa, maso atalowa m'kati. Anati lamulo labwera loti antchito achikulire ndi odwala matenda ngati shuga apite kwawo. Mwana wa Anazidole, amene ankagwira ntchito ku mzinda wakutali, anali ataimba kale foni kangapo kuti adzawatenge amayi ake.

"Kwathu n'kuti, Mayi?" anafunsa Anazidole. "Ndinalowa pano mwanayo ali kumsana. Kumeneko ndikakhala m'nyumba yosanja, kumayang'ana magalimoto pazenera ngati mphaka. Ndipo ndikachoka pano pa msinkhu uno, simudzandiitananso. Tonse tikudziwa."

Mayi Mkulu sanatsutse.

"Khalani," anatero. "Koma a Kalipentala ajambule mzere pabwalopo, pakati pa shedi ndi wodi. Mukangouwoloka, ndiimbira mwana wanu tsiku lomwelo. Ndataya kale mmodzi. Wachiwiri sindikumufuna." Anatembenukira kwa a Kalipentala. "Inunso ndi mphumu yanuyo, mzerewo ndi wanu womwe. Ndakusiyani chifukwa pano palibe wina wokhoma msomali. Muziwayang'anira alamu anuwa."

A Kalipentala anajambula mzerewo ndi penti yofiira, wonenepa, kuchokera pakhoma la shedi mpaka pampopi. Utauma anabwerezanso. Ankafuna kuti alamu awo akhale. Pa abale onse a malemu akazi awo anatsala ndi iwowa basi. Ndiwo ankadziwa kuti tiyi wa mkaka samwa, ndiwo ankaseka ngati malemu, mutu atauponya kumbuyo. Anaona kuti mzerewo ukasungika, khonde lawo lisungikanso.

Anazidole anaika benchi mbali ya kuno kwa mzere, pafupi kwambiri moti zala za kumapazi zinkagunda penti. Nsalu za m'wodi zikawiritsidwa n'kuuma, ankazipindira pamenepo. Ankasoka mamasiki. Ankakuwira odwala pazenera: wadya kodi, wagona bwanji, mwana wako waimba? M'mawa uliwonse ankalowa m'shedi kukapukuta utuchi pankhope za zidole. Chinkawapweteka chinali chimodzi. Ophunzira amene ankasinthana kusamala anzawo ankaviika magolovesi m'beseni la madzi a mankhwala pakhomo, madzi ozizira, n'kulowa nawo choncho.

"Pekesani manjawo!" ankakuwa.

"Tamva, Anti!"

Ena ankapekesadi, ena ankaiwala. Anali ndi zambiri zoti azikumbukira.

Mlongoti anachedwa kudwala, koma atadwala anadwaladi. Anamugoneka pabedi la pazenera, la Atsibweni lija, mapazi atatulukira kunsi. Masiku oyamba ankasekabe. "Anti, kawauzeni Atsibweni kuti matiresi awo ndi ouma. N'chifukwa chake sankalankhula." Kenako nthabwala zinayamba kufupika, chifukwa mpweya sunkafika kumapeto kwa mawu. Anamuika kapaipi ka okosijeni m'mphuno. Anazidole anasiya kusoka. Ankangokhala pabenchi, masiki yosatha ili pamiyendo.

Tsiku limenelo kunacha ndi mitambo ndi kamphepo. Basi inali itapita ndi onse amene anali bwino. Mayi Mkulu anali atapita okha kuchipatala chachikulu kukapempha bedi la Mlongoti, popeza pafoni ankangouzidwa kuti adikire. M'wodi munatsala osamala awiri: Asisitere, mayi wachikulire wa kumpingo amene ankaphunzira nawo kalasi yomweyo, ndi Mzamba, mkazi wochepa thupi koma wachangu ngati mavu.

Chakumasana Asisitere anatulukira pazenera, mawu awo atatsekeka ndi masiki.

"Ankolo! Kuli munthu aliyense uko? Mpweya wake ukutsika. Tikufuna timugoneke chafufumimba kuti mapapo atseguke, koma awiri sitingathe. Wina agwire mutu ndi paipi, awiri atembenuze."

A Kalipentala anasiya thabwa n'kuthamangira kukhitchini. Wophika anali yekha ndi mapoto ake, ndipo atamva anabwerera chambuyo mpaka kugunda khoma, akupukusa mutu. Kunyumba anali ndi ana aang'ono. Mlonda anali atapita ndi dalaivala kukatenga masilinda. Kuhositelo kunali ochira kumene okhaokha, oti kungoimirira n'chizungulire.

Pobwerera anapeza Anazidole ataimirira, zala pa penti.

"Ndilowa ine," anatero a Kalipentala. Chifuwa chawo chinkaimba likhweru ndi kuthamanga kuja.

Asisitere analimva likhwerulo. "Inu ayi, ankolo. Mukagwa muno tikhala ndi awiri oti tinyamule." Anayang'ana Anazidole, n'kuyang'ananso kumbali. Lamulo ankalidziwa. Sanapemphe.

"Atsibweni ndawatembenuza ndi makalasi onse amene anadutsa pano," anatero Anazidole. "Pogwira ndikupadziwa."

"Alamu."

Mawu a a Kalipentala anali amenewo basi. Ena analipo ambiri: mwana wanu, shuga wanu, nyumba ija, nanga ine.

M'katimo Mlongoti anatsokomola, chifuwa chachitali chosafika pansi. Anazidole anakweza diresi pang'ono n'kuwoloka mzerewo ngati mmene munthu amawolokera ngalande.

Pakhomo la wodi panali tebulo la zovala zodzitetezera. Anavala gauni, masiki, chotchinga kumaso, ndi magolovesi awiri kudzanja lililonse, Mzamba akuwauza pazenera choyamba ndi chotsatira. Zingwe za kumsana zinawakanika. Anayenda chambuyo mpaka pamzere.

"Mangeni, alamu."

A Kalipentala anaziyang'ana zingwezo. Anauzidwa kuti aziwayang'anira. Koma anaona kuti kulowa alowabe, ndipo gauni yomasuka ndiyo ingawaphe. Anamanga mfundo yolimba, ya mmisiri, n'kuikoka kuti aone ngati yagwira.

Zotsatira anaziona ali pamzere, kudzera pazenera lotsekula. Asisitere anaima kumutu, atagwira paipi. Wolamula anali Mzamba.

"Anti, inu mbali iyo. Dzanja lake lilowe pansi pa ntchafu. Tikulunga nsalu, tikokera kwa ine, kenako titembenuzira kwa inu. Mwamva? Tiyeni."

Anazidole sanagwire. Anaima, n'kuyamba kupekesa zikhatho, magolovesi akulira kwichikwichi.

"Anti, nthawi!"

"Pepanitu, ndikukhudzani pang'ono."

Mlongoti anatsekula diso limodzi. "Anti... ndikupsa kale... mukusonkhezeranso... moto?"

Mzamba anaseka mosafuna, kuseka koyandikana ndi kulira. "Gwirani, Anti, chonde."

Anakoka. Apa ndi pamene zaka zonse zija zinawanamiza Anazidole. Atsibweni akamatembenuzidwa ankabwera onse pamodzi ngati thabwa, ndipo iwo anaika mapazi ndi mikono kudikira thabwa. Mlongoti anabwera mapewa poyamba, chiuno n'kutsalira, thupi likuterera ndi thukuta. Atamva kuti ali m'mphepete mwa bedi, mantha anamugwira, anadziumitsa n'kukakamira gauni ya Anazidole pachifuwa. Iwo anadzandira. Bondo linagunda chitsulo cha bedi, chotchinga kumaso chinapendekeka.

"Musasiye! Musasiye, Anti! Chiuno, gwirani chiuno!"

Sanasiye. Anatsamira ndi mimba yawo kumphepete kwa bedi, n'kukankha chiunocho ndi mikono yonse iwiri, Asisitere akumuuza Mlongoti kukhutu kuti amasuke, sagwa, anthu alipo. Pang'onopang'ono thupi lalikulu lija linagonja. Anagona chafufumimba, nkhope kumbali, dzanja limodzi m'mwamba ngati wosambira. Asisitere anayang'ana kachipangizo ka pachala chake. Anadikira, anadikirabe, kenako anagwedeza mutu kuvomereza.

A Kalipentala anapeza kuti agwira nyundo m'manja, osadziwa kuti anaitola liti.

Anazidole anaimabe pomwepo, dzanja lili pamsana pa Mlongoti, likukwera ndi kutsika, likukwera ndi kutsika. Asisitere anachita kuwakoka kuti atuluke, n'kuwavula zovala zija pakhomo chimodzichimodzi. Mfundo ya kumsana inakana kumasuka. Anachita kudula ndi sizasi.

Mayi Mkulu anafika dzuwa litapendeka, ali ndi ambulansi. Bedi linapezeka. Mlongoti atapita, Mayi Mkulu anamva nkhani yonse kwa Asisitere. Anayenda mpaka kunyumba za antchito, kumene Anazidole anali atadzitsekera kale monga mwa lamulo, n'kuima patali ndi zenera. A Kalipentala anali pakhonde.

"Ndikanakhalapo, sindikudziwa kuti ndikanati chiyani," anatero Mayi Mkulu. "Zikomo, amayi. Koma ndifunse. Mawa akaitananso pazenera paja, mudzatani?"

"Ndidzalowa, Mayi."

"Ndimadziwa." Anapukuta m'maso ndi mkono. "Ndiye ndiimba foni ija."

Anazidole sanapemphe. A Kalipentala ankadziwa kuti Mayi Mkulu sakulakwa.

Masiku odzitsekerawo anali aatali. A Kalipentala ankasiya chakudya pakhomo, n'kukhala pakhonde khutu lili kukhoma, kumvetsera ngati kumveke chifuwa. Sichinamveke. Ophunzira akatsika basi ankadzera kumeneko, aliyense ndi funso lake pazenera: thupi likutentha kodi, shuga mwayeza, fungo mukulimva, bondolo latupa? Anazidole anati chibadwire sanaonepo anamwino ochuluka chonchi pa munthu wosadwala. Ena anapita kukawapepesera kwa Mayi Mkulu, Mzamba ali patsogolo. Anabwerako atawerama. Mayi Mkulu anangowafunsa kuti ndani mwa iwo angalole kuti amayi ake om'bala, a shuga, akhale pabenchi lija.

Tsiku lina masana Anazidole analankhula pazenera osafunsidwa.

"Alamu, munthu amalemera mwina."

"Mwina bwanji?"

"Sangokhala kuti umugwire. Nayenso amakugwira. Ndipo amatentha, alamu. Kudutsa magolovesi onse awiri. Manja anga aja ndinangowavutitsa."

"Ndiye musiya?"

"Pa msinkhu uno? Mwapenga?"

Uthenga unabwera kuti Mlongoti wayamba kudya, ndipo wayambanso kuvutitsa anamwino a kuchipatala. Anatumiza mawu pafoni ya Mzamba, liwu litasasa. Akuti kawauzeni Anti kuti bedi la kuno nalonso n'lalifupi, ndipo akatuluka abwera ndi botolo lina, ulendo uno lopanda shuga. Sankadziwa kuti sadzawapeza. Palibe analimba mtima kumuuza. Anazidole anamvetsera, n'kupempha kuti abwereze.

"Mwana wopanda khalidwe," anatero, akupukuta m'maso ndi ngodya ya katani.

Atawayeza n'kupezeka kuti matenda alibe, mwana wawo anabwera ndi galimoto. Sanaloledwe kulowa, anaima kunja kwa geti. Katundu wa zaka zonse zija sanali wambiri: masutikesi, makina osokera, ndi mapoto m'katoni. A Kalipentala anakweza zonse pawilibala.

Podutsa pashedi Anazidole anaima pakhomo osalowa.

"Utuchi, alamu. M'makutu mwa Agogo mumadzaza msanga. Khandalo musalisiye pansi, makoswe angalidye zala. Mabulangetewo azifika pachifuwa, osati kumaso."

"Ndamva."

"Mwamvadi, kapena mukungogwedeza mutu ngati masiku onse?"

"Ndamva, alamu."

Ophunzira amene sanapite kuntchito anaima m'khonde la hositelo motalikirana, atavala mamasiki. Odwala a m'wodi anasuzumira pamazenera. Asisitere anayambitsa nyimbo, ena n'kupolokozana nawo, koma sinafike kumapeto. Mayi Mkulu anawaperekeza mpaka pakati pa njira, n'kuima pomwepo atagwira manja kumbuyo.

Mlonda anatsekula geti pang'ono. Mwana uja anapereka moni chapatali, "Muli bwanji, bambo aakulu?" n'kuyamba kukweza katundu. Zonse zitalowa, Anazidole anatembenuka. Iwo anali kunja, a Kalipentala anali m'kati, ataima ndi wilibala yopanda kanthu.

"Ndiye mwandithamangitsa, amuna anga," anatero Anazidole.

"Mwathawa nokha ukwati."

Anaseka, mutu atauponya kumbuyo. Kenako a Kalipentala anaona manja aja akukwera. Anazidole anapekesa zikhatho, pang'onopang'ono, nthawi yaitali kuposa masiku onse, n'kuziyesa patsaya pamwamba pa masiki. A Kalipentala anapukuta dzanja lawo pa ovololo. Linali litayamba kale kutambasuka.

"Amayi," anatero mwana uja chapansipansi.

Mlonda anayang'ana kumbali.

Manjawo anaima m'malere, pakati pa awiriwo pali mpata wa geti. Anazidole anawayang'ana manja awowo kanthawi. Kenako anawapinda pachifuwa, lina pamwamba pa linzake, n'kulowa m'galimoto ali chigwirire choncho.